Pemphero Lotsegulira Msonkhano wa Mabwana

Kunali mayi wina ku Mulanje, amene ankagwira ntchito mu ofesi ya esiteti ina ya tiyi. Ntchito yake inali kumva madandaulo a antchito ndi kukawatula kwa akuluakulu. Kumva ankamva bwino. Kulemba ankalemba bwino. Koma kuima pamaso pa mabwana n'kuyankhula, pamenepo ndiye panagona vuto.

Tsiku lina pamsonkhano anati, "Zikomo, a Tcheya," mawu n'kuthera pomwepo. Musamuseke, abale anga! Ena a inu ndikukudziwani. Muno mumaimba mpaka malata kugwedezeka, koma kuntchito bwana akati nenani maganizo anu, mumayamba kutsokomola.

Tsono pa esiteti imeneyo panali mtsinje. Amayi othyola tiyi ankawoloka m'mawa uliwonse pa mtengo umodzi wogonekedwa, dengu lili kumsana. Nthawi ya dzinja mtengowo unkaterera. Chaka chapitacho mmodzi anagwera m'madzi, anzake n'kukamuvuulira kumunsi atatsala pang'ono kutsirizika. Choncho amayiwo analowa mu ofesi muja nati, "Mayi, tikufuna mlatho mvula isanagwe. Pakamwa pathu ndinu."

Mabwana aakulu ochokera ku Blantyre ankabwera kamodzi pachaka, ndipo ndi iwo okha amene akanavomereza mlathowo. Mayiyu akalephera kuyankhula tsiku limenelo, ndiye kuti anzake aja awolokanso pa mtengo dzinja lonse.

Anayeserera pagalasi, zinayenda. Anayeserera pamaso pa nkhuku zake, zinayenda. Mnzake wa mu ofesi anati, "Asisi, muzingowaona ngati maungu m'munda." Koma dzungu lovala tayi, lokuyang'anira pamwamba pa magalasi, munaliona kuti? Kenako kunabwera kanzeru kena: anamizire malungo, pepalalo akawerenge wina. Koma ankadziwa kuti nkhani yowerengedwa ndi munthu amene sanauone mtsinjewo imangothera mu fayilo. Anasankha kupita yekha, mantha ali thoo mumtima.

Tsiku linafika. Chipinda chinadzaza, masuti okhaokha. Inu mukudziwa kuti kwathu kuno msonkhano suyamba popanda pemphero, ngakhale wa anthu amene tchalitchi anachiona komaliza pa ukwati wawo. Wapampando anamwazamwaza maso nati, "Mayi, paja inu ndi a Mvano. Titsegulireni ndi pemphero."

Anaimirira, natsinzina. Eee, abale! Mawu anayamba kutuluka okha! Pajatu mayiyu kupemphera sanayambe dzulo. Ankapemphera pophika, ankapemphera panjira, ankapemphera pa maliro ndi pa odwala. Anathokoza Mulungu chifukwa chowayendetsa bwino alendo. Anapempherera tiyi wa m'munda. Anapempherera amayi owoloka pa mtengo kuti phazi lawo lisaterere. Atamaliza, chipinda chonse chinati "Ameni," ndi bwana wamkulu yemwe.

Anatsegula maso. Anthu omwe aja! Mipando yomwe ija! Mumtima anati, "Ha! Ndangoyankhula kumene ndi Mwini kumwamba ndi dziko lapansi, awa akumva, osachita chibwibwi. Ndipo awanso anaweramitsa mitu. Nanga ndikuopa chiyani?"

Nthawi yake itakwana anaimiriranso. Ndisakunamizeni, mantha sanathe. Koma pakamwa panatseguka! Anafotokoza za mtengo woterera, za dengu lolemera, za mayi amene anakokoloka. Anawayang'ana m'maso mmodzimmodzi. Atakodwa pa mawu ena anapuma, napitiriza.

Bwana wamkulu anafunsa, "Mtsinjewo uli patali?"

"Ayi bwana, ndi pafupi. Koma nsapato zanuzo zida."

Anthu anaseka, nanyamuka onse. Atafika, bwana uja anaponda phazi limodzi pa mtengo, n'kulibweza msangamsanga. Sanafunsenso funso lina. Mvula yoyamba itagwa, amayi aja anawoloka pa mlatho, nthungululu zili pakamwa, mtsinje ukukokoma pansi pawo.

Aleluya! Mwalimva fanizoli, abale ndi alongo? Mulungu sanamupatse mayi uja lilime latsopano tsiku limenelo. Lilime linali lomwe lija limene ankayankhulira naye tsiku ndi tsiku. Anangomukumbutsa kuti wamkulu ndani m'chipindamo. Munthu wozolowera kuima pamaso pa Mulungu, pamaso pa munthu mnzake akhoza kunjenjemera, koma sathawa.

Akuluakulu anati manyazi anapha lambe. Ine ndikuti manyazi ako akhoza kuphetsa ndi anzako omwe. Mawa ndi Lolemba. Wina muno akaima kutsogolo ku ofesi, wina kusukulu, wina kuchipatala, ndipo mtima wayamba kale kugunda. Usananene "Zikomo, a Tcheya," yamba wanena "Atate." Ukatero imirira, ngakhale uli ndi mantha, chifukwa kuseri kwa mantha akowo kuli anthu amene akudikira kuti uwayankhulire. Ukakhala chete iwe, amene akagwere m'madzi ndi iwowo. Imirira, yankhula! Ameni.