Choko cha Mlendo pa Nsalu ya Ukwati

Panali telala wina, mayi wotchuka pamzere wonse wa matelala pamsika. Pantchito pake panali lamulo limodzi: iye ajambule ndi choko pansalu, wodula adule motsata mzere, wosoka alumikize zidutswa zofunika, zotsala zipite m'dengu. Wodula sankafunsa. Mzere wa choko unali mawu a mwini.

Mchemwali wake anamupatsa nsalu yoti asoke zovala za ukwati wa mwana wake. Nsaluyo inachokera kutali, ndipo ina yofanana nayo kunalibe.

Kenaka kunabwera mlendo wovala jekete la matumba ambiri. Anapempha kuti apume pakhonde, ati dzuwa lamuwotcha. Analibe sizasi, analibe makina, ngakhale singano. Mayiyo anati munthu wamanjamanja angawononge chiyani, namusiya.

Koma m'thumba mwa mlendoyo munali choko.

Mayi akatembenuka kuti ayeze kasitomala, mlendo ankafufuta mzere apa, n'kujambula wina apo. Wodula anadula mokhulupirika. Wosoka anasoka mokhulupirika. Zoyenera kutayidwa zinalowa pamakina, zofunika zinagwera m'dengu. Mayi atanyamula chimene ankati ndi diresi la mkwatibwi, anapeza kuti ndi jekete la matumba ambiri, lofanana ndi la mlendo. Pansi pa tebulo panali majekete ena otero. Mlendoyo anali atasuntha kale, akucheza ndi telala wa khomo lotsatira.

Wodula anachonderera mayiyo kuti abise majeketewo msanga. “Mayi, anthu akaona izi dzina lanu latha pamsika pano. Nanga achemwali anu mukawayang'ana bwanji?”

Makina anali akulirabe. Mayi anasuzumira panja. Mnzake wa khomo lotsatira uja anali akuyala nsalu ya mayunifolomu a sukulu, ndipo dzanja la mlendo linali likulowa m'thumba.

“Imitsani makina,” anatero.

Anatenga jekete lija, nalipachika pamsomali pamwamba pa chitseko, pomwe aliyense wodutsa akanaliona.

Anthu anaseka. Mchemwali wake anabwera, anaona, natola zidutswa m'dengu n'kumapita. Shopu ija sinatsegulidwenso. Koma telala wa khomo lotsatira anayang'ana jekete lopachikidwa, anayang'ana la mlendo wake, namugwira pamkono. Choko chinagwa pansi. Mzere wonse wa matelala unapulumuka.

Amayi anzanga, izi ndikukuuzani ine amene Bayoloje ndinkaikhoza mpaka aphunzitsi kundiitana kutsogolo kuti ndifotokozere anyamata. Thupi lathu ndi mzere wa mashopu ang'onoang'ono otchedwa maselo. M'selo iliyonse uthenga wochokera ku majini, omwe ndi malangizo a chibadwa chathu, umatuluka wautali ngati nsalu, ndipo mapuloteni a mwini, antchito a m'selomo, amaudula, kutaya zosafunika, n'kulumikiza zotsala. Mavayirasi ena sabwera ndi sizasi. Amabwera ndi mapuloteni awo osintha podula, kuti antchito athu omwe asokere iwo. Ndipo selo yogwidwa imaonetsa kunja kachidutswa ka mdaniyo, kuti asilikali a m'thupi aone, ngakhale kutero ndi imfa yake.

Ndiye inu, mwana akatuluka zidzolo mumamutsekera kuchipinda kuti aneba asadziwe, mawa n'kumutumiza kusukulu atavala malaya aatali manja. Kaselo kosaoneka ndi maso kakuposani mtima. Pachikani jeketelo pakhomo, mlendoyo asanalowe kwa mnzanu.