A Pusi ndi Tambala wa Chinkhoswe

Kale ndithu, msewu wa phula usanafike kwathu kuno, pamsika wa pa Kanyimbi panali telala wina dzina lake Lufeyo Ngozo. Koma mukanafika pamsikapo n'kufunsa za a Lufeyo, anthu akanangoyang'anana. Aliyense ankawadziwa kuti a Pusi. Dzinali linabwera chifukwa cha masaya awo, omwe sankakhala opanda kanthu, ngati a pusi amene walowa m'munda wa chimanga. Eni ake sankakwiya nalo dzinalo. Ankangoseka n'kunena kuti, "Nanga pakamwa Mulungu anapaboolera chiyani?"

Musandimve molakwa, ana inu. A Pusi sanali munthu wopemphapempha, ndipo ulesi analibe. Makina awo osokera ankayamba kulira anthu ena asanasukusule. Kungoti mtima wawo unali pa lilime. Ankadziwa mayi amene amatendera bwino nkhwani m'dera lonselo. Ankadziwa khomo limene thobwa lake la mawere silisasa msanga. Kukakhala ukwati, kumanga chiliza kapena ubatizo wa mwana, iwo ankamva mphekesera yake eni phwando asanagaye n'komwe chimanga. Loweruka madzulo ankakumana ndi anzawo kuseri kwa msika, kusewera bawo uku chiwindi cha mbuzi chikupsa pa makala.

Ndipotu kudya nawo limodzi kunali kosangalatsa. Akaponya kanthu m'kamwa ankatsinzina, kupukusa mutu pang'onopang'ono, kenako n'kufuula kuti, "Ichi chakoma!" Amayi ophika ankachita kulimbirana mawu amenewo. Mayi amene a Pusi amuyamikira ankayenda modzimva mlungu wathunthu.

Tsono a Pusi anali ndi mlongo wawo, Nangozo, ndipo Nangozoyo anali ndi mwana wamwamuna dzina lake Yotamu. Bambo ake a mnyamatayu anamwalira iye akukwawa, choncho amene anamulera anali a Pusi omwewa. Ankamukonda ngati wobereka okha. Yotamu atakula anapeza mbeta kutsidya kwa mtsinje, mtsikana wakhalidwe dzina lake Esinala, ndipo akuluakulu anapangana tsiku la chinkhoswe.

Mukudziwa mwambo wake. Pachinkhoswe akuchimuna amabwera ndi tambala, akuchikazi amatulutsa msoti, ndipo ankhoswe a mbali ziwirizo amasinthana nkhukuzo anthu onse akuona. Popanda tambala palibe chinkhoswe. Yotamu anali atamulera yekha tambala wake kuyambira ali kamwanapiye, chitambala choyera mbee, cha lipombo lofiira. Nkhoswe ya kuchimuna anali amalume ake, a Pusi. Kuchikazi kunali a Chadzunda, amalume ake a Esinala, bambo wofatsa wolankhula motsitsa, koma akanena wanena. Mbiri ya a Pusi inali itawafika kale, ndipo inkawadetsa nkhawa.

"Mwana wathuyu omufuna ndi ambiri," anatero a Chadzunda pa tsiku lopangana. "Dzuwa likadzapendeka tambala asanalowe m'mudzi muno, tidzadziwa kuti kwanuko nkhaniyi mukuiyesa masewera."

Tsiku lija litafika, pakhomo pa Nangozo panali piringupiringu. Amayi anamanga mipango yatsopano, atsikana akuyeserera nyimbo, Yotamu akungodziyang'ana m'jekete imene amalume ake anamusokera. Onse atakonzeka, a Pusi anali asanamalize kusita buluku lawo.

"Achimwene, fulumirani tipitire limodzi," anatero Nangozo.

"Tsogolani, chemwali. Ndi miyendo yangayi ndikupezani musanawoloke mtsinje."

"Ndiye tipatseni tambalayo titsogole naye."

"Aa! Nkhoswe ikalowe m'mudzi mwa eni chimanjamanja ngati yokapala moto? Tambala amanyamula ndi nkhoswe."

Nangozo anawachenjeza. "Achimwene, lero ndi tsiku la msika, ndipo njira ikudzera pomwepo."

"Ha! Lero pakamwa pano ndasokapo ndi ulusi wolimba," anayankha a Pusi akuseka. "Ndikadyere kuti kwina pamene nkhuku ya ankhoswe ikundidikira kutsidya?"

Anthu ananyamuka akuimba. Patapita kanthawi a Pusi nawo anatuluka, buluku lili chilili, tambala ali m'khwapa, mtima uli mbee ndi chimwemwe. Ankadziona kale ataima pabwalo, akulankhula mawu a unkhoswe, amayi akululutira.

Pamsika anadutsa chakumphepete, maso ali kutsogolo ngati munthu wolumbira. Koma maso ungawabweze, mphuno sungaibweze. Kamphepo kanabwera ndi fungo la kanyenya, ndipo miyendo inayamba kulemera yokha.

"A Pusi!" anaitana wowotcha nyama. "Mungadutse osalawa? Mbuzi ya lero njonona, mafuta ake akuzimitsa moto!"

"Kamodzi kokha, mphwanga, ndili paulendo."

Anatsinzina, anapukusa mutu. "Ichi chakoma!" Kamodzi kaja kanabala kachiwiri. Atangosuntha pang'ono, mayi wina anali akuwuula zitumbuwa m'mafuta, zotentha moto. Nanga munthu angasiye nyama yokhayokha m'mimba popanda choiperekeza? "Ichinso chakoma!" Anayang'ana kumwamba. Dzuwa linali lisanafike pamutu. Anadzilimbitsa mtima kuti nthawi ikadalipo, napukuta pakamwa n'kupitiriza ulendo mwandawala.

Akanangoyenda choncho, ana inu, bwenzi nkhaniyi kulibe. Koma mtsinje uli pafupi kuoneka, a Pusi anamva chinthu chachilendo: galamafoni ikulira m'mudzi wa m'mbali mwa njira. Utsi unali tolotolo, anthu ali mbwee pakhomo pa a Kamtedza, mmodzi wa anzawo a bawo aja.

A Kamtedza atawaona anathamanga manja ali m'mwamba. "Amnzanga! Mulungu ndiye wakutumani! Mwana wanga uja wafika usiku kuchokera ku Joni, ndipo zimene wabwera nazo inu simunazilawepo chibadwire!"

"Pepani amnzanga, ndili ndi kofulumira," anatero a Pusi. Koma mawuwo anatuluka ofooka, ndipo a Kamtedza anali atawagwira kale dzanja.

"Kapu imodzi ya tiyi basi. Kodi mukufuna anthu adzanene kuti mwana wa Kamtedza anabwera ndi zakudya za ku Joni, a Pusi osanenapo mawu?"

Apo ndiye panathera nzeru. A Pusi anaona kuti sangakhale pakati pa alendo ndi nkhuku m'khwapa, ndiye anakamangirira tambala uja pamwendo wa nkhokwe, pafupi ndi pomwe amayi ankaphikira. Tsono paphwando lotere, wobwera ndi nkhuku kapena lichero la ufa amangokasiya kophikira mwakachetechete, ndipo ophika amadziwa kuti ndi thandizo. A Pusi mwambo umenewu ankaudziwa kuposa wina aliyense. Koma tsiku limenelo mutu wawo unali utatsogola kale kumene kunali mbale.

Anawakhazika pakampando ka miyendo itatu pansi pa mtengo wa mango. Kunabwera tiyi wothira mkaka wa m'chitini, wokandapala ngati phala. "Ichi chakoma!" Kunabwera buledi wopaka jamu wofiira. A Pusi anamutembenuza uku ndi uku, kumununkhiza, n'kuluma. "Amayo ine! Ichi chakoma!" Anthu anaseka n'kuwomba m'manja. Atati adzuke, kunatulukira tinsomba ta m'chitini tosambira m'mafuta. Atatinso adzuke, mpunga ndi nyama ya mbuzi. Galamafoni ikulira, achinyamata akuvina, mwana wa ku Joni akusimba za sitima zoyenda pansi pa nthaka. A Pusi anamasula lamba. Nthawi ndi nthawi kamtima kankawagunda kuti kutsidya akudikira, koma mthunzi wa mango unali wandiweyani, ndipo munthu akafuna kusaliona dzuwa saliona.

Pomaliza anabwera Nachisale, mkazi wa a Kamtedza, ndi mbale yovundikira. Anagwada n'kuiika patsogolo pawo.

"Alamu, za m'zitinizo ndi za eni ake. Iyi ndiye yathu, ndaphika ndekha. Ntchafu ndi nthutumba ndasungira inu."

Atavundukula, fungo lake linawalowa mpaka m'mafupa. Inali nkhuku yokazinga bwino, msuzi wake wofiirira, wogwirana. A Pusi analuma ntchafu, natsinzina nthawi yaitali kuposa kale lonse. Anthu onse anadikira chigamulo.

"Abale anga," anatero, "ndadya nkhuku m'midzi yonse ya kuno, koma iyi! Iyi inaleredwa ndi munthu woikonda. Ichi ndiye chakoma!"

Nthungululu zinalira. Nachisale anavina pang'ono ndi chimwemwe.

A Pusi atangomaliza kupukuta mbale, m'khamumo munalowa mnyamata ali wefuwefu, thukuta lili kamukamu, jekete yatsopano ili mbuu ndi fumbi. Anali Yotamu. Anali atathamanga kuchokera kutsidya, akufunsa aliyense m'njira, mpaka anamva mawu a amalume ake akufuula pamwamba pa galamafoni.

"Amalume! Dzuwa lapendeka kalekale! Anthu atopa n'kuimba, a Chadzunda angokhala duu. Amayi agwada kuwapempha kuti adikire pang'ono. Dzukani! Tambala ali kuti?"

A Pusi anatulutsa mutu kunja kwa mthunzi, naona dzuwa. "Usadandaule, mwana wanga, ali apo, pankhokwe apo." Analoza ndi fupa lomwe linali m'manja.

Onse anacheuka. Pamwendo wa nkhokwe panali luzi lokha likulendewera. Chapafupi, pambali pa mafuwa, panali mulu wa nthenga zoyera zonyowa.

Nachisale anagwira pakamwa. "Alamu, chitambala choyera chija? Ine ndimayesa mwatibweretsera thandizo! Si chimenecho mwadyacho?"

A Pusi anayang'ana nthenga zija. Anayang'ana fupa. Anayang'ana mbale yomwe anali ataipukuta mpaka kuwala. Anati adzuke mwadzidzidzi, koma mimba inali italemera, lamba ali womasula, ndipo kampando kaja kanapendekera kumbuyo. Anayesa kugwira mphepo ndi manja onse awiri. Khuu! Anagwa chagada, miyendo m'mwamba, fupa likadali m'manja.

Anthu anafa nalo phwete. Ena anachita kugwirana mapewa, ana akugubuduka pansi. Koma kuseka kuja kunazima pang'onopang'ono ataona Yotamu. Mnyamatayo anali atagwada pamulu wa nthenga, misozi ili chuchuchu. Wina anakazimitsa galamafoni.

"Amalume," anatero Yotamu, "simunadye tambala. Mwadya ukwati wanga."

Mawu amenewo anawalasa a Pusi kuposa kugwa kuja. Anadzuka n'kuyamba kupempha aliyense kuti awabwereke tambala wina, wamtundu uliwonse. Koma atambala a m'mudzimo anali atathera m'miphika ya phwandolo. Zotsala zinali tianapiye ndi nkhuku zofungatira.

Anawoloka mtsinje chimanjamanja, dzuwa likufiira. Pabwalo anapeza anthu ambiri atabalalika, zakudya zitazizira, Nangozo ataweramitsa mutu, Esinala akulira m'nyumba. A Pusi anagwada pamaso pa a Chadzunda n'kufotokoza zonse, osabisa kanthu. A Chadzunda anamvetsera mpaka pamapeto. Sanakalipe ayi.

"A Ngozo," anatero motsitsa, "nkhoswe ndi munthu amene ana amathamangirako banja likayaka moto. Inu mwalephera kusunga nkhuku kuchokera m'mawa kufika masana. Tsono mwana wathu, moyo wake wonse, tikamusungitse m'manja amenewa?"

Atatero anawerama n'kumasula msoti umene unali utamangidwa chiyambire m'mawa. Msotiwo unadzikung'untha n'kuthamangira kwa nkhuku zinzake. Nkhani inathera pomwepo. Chaka chotsatira Esinala anakwatiwa ndi mnyamata wa kumudzi wina, ndipo Yotamu anapita kukagwira ntchito kuminda ya fodya, kutali, osatsanzika amalume ake. A Pusi anamva chisoni chimene sichinawachoke mpaka ukalamba.

Amene anaifalitsa nkhaniyi anali Nachisale. Kumtondo, kuchitsime, paliponse akafunsidwa kuti zinayenda bwanji, ankatsinzina n'kupukusa mutu monga ankachitira a Pusi, n'kunena kuti, "Ichi chakoma, ichi chakoma, Pusi anagwa chagada!" Mawuwo anawoloka mitsinje, ndipo telala uja anaiwalika. Lero ambiri akamva mwambiwu amaona pusi wa m'nkhalango ali mumtengo, dzanja ili likuthyola chipatso ichi, linalo likuthamangira icho, mpaka kusowa dzanja logwirira nthambi. Amenewonso sakulakwa.

Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Mwambiwu sukunena kuti zokoma n'zoipa. Kanyenya uja analidi wonona, ndipo Nachisale sananame, nkhuku anaiphika bwino. Ukunena kuti zokoma m'njira sizitha, ndipo munthu wofuna kulawa chilichonse chimene chamukopa amataya chinthu chimodzi chachikulu chimene anatumidwa. Inu mwatumidwa kusukulu, wina watumidwa kukagula mankhwala a mayi ake, wina wasungitsidwa mawu a mnzake. M'njira mudzamva fungo, mudzamva nyimbo, ndipo okuitanani adzakhala anzanu enieni okufunirani zabwino. Muzidziwa chimene mwanyamula m'khwapa, n'kukachifikitsa kaye. Pakuti wogwa chagada amadzuka n'kudzisansa fumbi, koma amene anamudalira uja ndiye amatsala akulira.