Tambala ndi Mndandanda wa Katemera wa Chitopa

"Kokoliriikooo! Patukani, patukani, akudutsa a kompyuta!" Ameneyo ndi Tambala, chifuwa patsogolo, lipombo lili gwedegwede, mwendo akuuponya ngati pansi pali minga. Mbalame za m'mudzi wa Kwanthenga zinali zitamupatsa ntchito yokonza mndandanda wa katemera wa chitopa. Dokotala Kakowa ankabweretsa madontho molingana ndi mayina a pa mndandandawo, osaonjeza ngakhale limodzi.

Mayina onse anali kale m'kompyuta, koma anali m'timatumba tolembedwa pamwamba. Munali thumba la "banja", m'kati mwake timatumba ta "mayi", "bambo" ndi "mwana". Ntchito ya Tambala inali kulemba malamulo m'chiyankhulo chotchedwa XSLT, ouza kompyuta timatumba toti itsegule ndi mmene iyalire mayinawo pa pepala.

Anakaphunzira zimenezi kwa Nanzikambe. Eee, mphunzitsi ameneyo! Diso lina kudenga, lina pa wophunzira, mawu akutuluka limodzilimodzi. "Kom-pyu-ta... i-li-be... chi-so-ni. Thumba lomwe sunalitchule imalidumpha. Ukamaliza uziwerenga timatumba tonse, uwerengenso mizere ya pa pepala. Zikasiyana, ndiye kuti wina wasiyidwa."

"Akuluwa chiganizo chimodzi mpaka chimanga kucha!" anadandaula Tambala. Maphunziro anali a masiku atatu, iye anathawa lachiwiri masana.

Atafika kwawo analemba malamulo atatu: tola mayi, tola bambo, tola mwana. Anadina batani, pepala lija fwaa! Mizere yowongoka, mayina ali ndondondo ngati asilikali. Kuwerenga? Awerengerenji, pepala lokongola chonchi? Anazungulira nalo mudzi wonse mpaka mbuzi zinaliloweza.

Tsono mukudziwa kuti pamudzi mazira a nkhanga amafungatira ndi nkhuku. Mai Thadzi anali ndi anapiye asanu ndi awiri, atatu akeake, anayi a malemu Nkhanga amene anagwidwa ndi galu. Olemba kalembera anaika anayiwo m'kathumba kena kolembedwa kuti "woleredwa". Kathumba kameneko Tambala sanakatchule.

Tsiku la katemera Kakowa anaitana mayina, aliyense dontho m'diso, tho! Botolo litatha, tinkhanga tinayi tinatsala tili chiimire pamzere, timaso tili m'mwamba.

"Adokotala, nanga ana angawa?" anafunsa Mai Thadzi.

"Mayi, pa pepala palibe," anayankha Kakowa. "Bambo Tambala, ngati pepalali lalakwika nenani lero, mawa ndibwera ndi botolo lina. Apo ayi, ndidzabweranso pakatha miyezi itatu."

Tambala anathamangira ku kompyuta. Anatsegula thumba la banja la Mai Thadzi, ndipo kathumba kaja kanali pomwepo, mayina anayi ali phee. Mzere umodzi wokha wa lamulo ukanakonza zonse, koma panja panali khamu lomwe lija analionetsa pepala. Anatuluka chifuwa chili patsogolo.

"Pepala lili bwinobwino, adokotala. Kompyuta sinama."

Chitopa chinabwera ndi mphepo yotentha ya mu Okutobala. Olandira dontho anangoyetsemula n'kupitiriza kupalasa. Koma tinkhanga tija tinayamba kuwodzera dzuwa lili pamutu, mapiko ali lende, makosi kupindika. Lolemba kanapita koyamba, Lachitatu kachiwiri, Loweruka tiwiri totsalato pamodzi. Tambala ankamva kulira kwa Mai Thadzi ali pamtanda wake.

Pamaliro mbalame zinayamba kunong'onezana, ndipo Bakha, amene kunong'ona kwake kumamveka kutsidya kwa mtsinje, anatsegula chimlomo chake. "Kwa, kwa, kwa! Tisanamizane apa, anzanga. Mayiwa sanawalembetse anawa. Akanakhala a m'mimba mwawo akanaiwala? Mwana wa mwini ndi wa mwini basi!"

"Ndinawalembetsa ine," analira Mai Thadzi. "Ndinawafungatira masiku makumi awiri ndi asanu ndi atatu. Anga ataswa ndinakhalabe pa mazira sabata yathunthu, njala ili m'mimba." Palibe anamukhulupirira. Ena anayamba kale kunena zoti asamuke pamudzipo, atatu ake otsalawo akaleredwe ndi ena.

Nanzikambe, amene ananyamuka kwawo atangomva za maliro oyamba, anafika nthawi imeneyo. Sanakalipe. Anatembenuzira maso onse awiri pa Tambala, chinthu chimene sanachitepo chibadwire.

"Mwana wanga... timatumba tinali tingati, mizere inali ingati?"

Tambala anayang'ana timanda tinayi, anayang'ana Mai Thadzi akukumbatira anapiye omwe khamu linkafuna kumulanda.

"Musiyeni mayiyu," anatero ndi mawu osasa. "Anawalembetsa onse anayi. Mayina awo ndinawaona ndi maso angawa tsiku lomwe lija, adokotala asanachoke. Ndine ndinawasiya, ndipo ndinakhala chete."

Phunziro: Makina amatola okhawo amene wawatchula. Werenga ntchito yako usanaitame, ndipo ukalakwitsa ulula nthawi yokonza ikadalipo.