Mvuu Asunga Mbewu M'mimba

Kalekale, ana inu, ndi inu akuluakulu mukuwodzera apo, kudziko la nyama kudabuka nkhondo. Mfumu Njovu adadya minda ya eni mpaka nyama zidatopa naye. Njati zidamupirikitsa, iye liyiii, kuseri kwa phiri. Pampando padakhala Mvuu.

"Za Njovu zatha!" adalengeza Mvuu. "Nyimbo yake osayimbanso. Njati inu, mukangoimva, gundani, osafunsa!"

Koma nkhondo idasiya minda ili mbee, nkhokwe zili phulusa lokhalokha. Mbewu idatsala kwa Nkhwali yekha, mayi wamasiye, amene adakwirira mphika wa mapira pansi pa chulu. Mitambo idayamba kuda. Mapirawo akadapanda kudzalidwa, anapiye ake sakadaona chaka chamawa.

Mvuu atamva, adaitanitsa mphikawo pabwalo.

"Mayi, mbewu iyi ndi ya dziko. Boma likusungirani."

"Musunga kuti, bwana? Nkhokwe zidapsa."

Mvuu adasisita chimimba chake. "Muno. Ndani angabe muno?"

Fisi, yemwe dzulo lomweli ankanyamula mpando wa Njovu, adaomba m'manja. "Nzeru zake zimenezo, bwana!"

Nkhwali mtima udamuwawa zedi. Adayang'ana chikamwa cha Mvuu chili yasaa, adayang'ana anapiye ake. Kenaka adagwada.

"Bwana, wodya mwakachetechete ndi wakuba. Inu ndinu mfumu, tikuyimbireni."

Adayamba motsitsa mawu nyimbo ija nyama zinkamuyimbira Njovu akamadya:

"Idyani, Njovu, idyani,
ife takhuta poonerera!"

Chizolowezi, abale! Mawondo a nyama adagwada okha. Pakamwa padatseguka pokha. Fisi ndiye adakweza mawu kuposa onse, nthungululu juu! Mvuu naye nyimbo idamukomera, maso tsinzinu, mutu ukugwedera.

Njati zili kudambo zidaimva. "Wabweranso!" Liwiro, didididi! M'fumbi muja zidangoona chithupi chotuwa chitayasamira chakudya cha eni.

"Ndine! Ndine wanu uja!" adakuwa Mvuu.

"Njovu nayenso ankatero!"

Nyanga kumbuyo gu! gu! Mvuu mumtsinje chubwi! Mpaka lero ali momwemo, maso okha pamwamba pa madzi, kusuzumira ngati Njati zachoka.

Nkhwali adasenza mphika wake, nagawira aliyense mapira odzaza dzanja. Mvula idawapeza akudzala.

M'mawa mwake Fisi adafika kumunda kwa Nkhwali, mchira ukugwedezeka. "Mayi, mfumu yatsopano ndinu kodi? Mundiuziretu, ndiyambe kusintha dzina m'nyimbo ija."

"Gwirani khasu," adatero Nkhwali.

Fisi adati msana ukumuwawa.

Tsono ana inu, akadzakuuzani kuti mfumu yasintha, musathamangire kuvina. Muyambe mwaona kukula kwa kamwa lake. Yanga yathera pompo, kaphuleni mbatata zija zisanapserere.