Mwatitha Apita ku Masanje

Kalekale, kuseri kwa phiri lina, m'mbali mwa dambo, kunali mudzi. M'mudzimo munali mayi woumba mbiya, dzina lake Nankhoma. Mitsuko yake sinkadontha, miphika yake sinkang'aluka, ndipo anthu ankachokera kutali kudzasinthanitsa ndi chimanga, nyemba ndi nkhuku. Munda wake weniweni unali dothi lomwelo.

Nankhoma anali ndi mwana mmodzi yekha, mtsikana, dzina lake Mwatitha. Musaganize kuti ankamuda mwanayo, ayi. Ankamukonda, koma chikondi chake chinali cha mantha. Ankati, "Ine ndikadzafa, mwanayu adzadya chiyani?" Ndiye mano akutsogolo atangoyamba kuguluka, adamukhazika pa dothi.

Anzake akamasewera phada, Mwatitha ali pa dothi. Anzake akamathamangitsana chipako, Mwatitha ali pa dothi. Anzake akamaimba pabwalo, Mwatitha ali pa dothi, amake ali pamsana pake.

"Tsina apa. Kanikiza apo. Leka! Madzi achuluka. Leka! Wapotoza khosi."

Mitsuko inkatuluka yokongola ndithu, ndipo Nankhoma ankanyadira.

Tsiku lina, chaka chomwe Mwatitha ankakwanitsa zaka khumi, Nankhoma adaterereka pochokera kokumba dothi, nathyoka mkono wamanja. Adaumanga ndi timitengo. M'nkhokwe munali chimanga cha mwezi umodzi basi.

"Mwatitha mwanawe, dothi ilo. Umba mtsuko, ine ndigoneko," adatero, nalowa m'nyumba.

Dzuwa lidafika pamutu, dothi lili chikhalire.

"Amayi, ndiyambire pati?"

"Iwe, si waumba mitsuko yambirimbiri?"

"Amayi, madziwa akwana?"

"Ona wekha!"

"Amayi, nanga ndikalakwitsa?"

Nankhoma adatembenukira kukhoma, misozi ili chuchuchu.

Madzulo kudabwera mchimwene wake wa Nankhoma, a Chidzanja, oluka mphasa, munthu wanthabwala. Adaona dothi, adaona mwana, adaona mlongo wawo.

"Achemwali, mwanayu manja ake ali kuti?"

"Achimwene, mwayamba zanu zija. Si awo?"

"Ayi, amenewo ndi anu. Mwangowapachika pa mapewa ake. Ndibwerekeni mwanayu milungu iwiri."

"Mukamuphunzitse chiyani inu, odziwa bango lokha?"

"Palibe. Ndikangomusiya ku masanje."

"Ku masanje! Njala ili pakhomo, inu mukuti akasewere?"

"Nanga pano akuumba?"

Nankhoma adalola kuti mwanayo apite.

Tsono masanje, kwa inu amene simunawaone, ankachitika anthu akatha kukolola. Ana ankamanga timanyumba ta mapesi kunja kwa mudzi. Ankakunkha chimanga ndi mtedza zotsalira m'minda, ankaphika okha, ankasankhana okha kuti uyu ndi bambo, uyu ndi mayi, uyu ndi khanda. Wamkulu sankapondako.

Tsiku loyamba, Mwatitha adangoima pansi pa mtengo wa mpoza, manja kumbuyo. Kudabwera kamtsikana kolongolola, dzina lake Sigele, kamene kanali mayi wa kanyumba kena.

"Iwe, wabwera kudzalondera mtengo?"

"Ndiuze chochita."

"Chita zimene ukufuna."

"Ndikufuna chiyani?"

Ana onse adafa nako kuseka. "Tamumvani! Akutifunsa ife za mumtima mwake!"

Tsiku lachiwiri Sigele adati, "Pamudzi pathu pano palibe mbuzi. Ukhale mbuzi." Mwatitha adagwada. Adalira "mee" motsitsa, ngati mbuzi yodwala. Adaliranso. Kenaka adaona mtedza uli palichero. Palibe adamuuza, koma adaganiza kuti mbuzi yeniyeni singaleke mtedza. Adalowetsa mutu m'licheromo, natafuna.

"Mbuzi! Mbuzi yatha mtedza!"

Adamuthamangitsa kuzungulira timanyumba tonse mpaka adagwera m'mapesi, akuseka kosatha kupuma.

Tsiku lachitatu adapeza anyamata kumtsinje akuumba ng'ombe zadothi. Adakhala pambali. Dzanja lidapita lokha ku dothi. Adaumba ng'ombe, koma pochita changu adaipatsa miyendo isanu.

Mnyamata wina, Kamtedza, adaloza. "Ha! Ng'ombe yanji ya miyendo isanu?"

Mwatitha adapinda khosi, kudikira kukalipiridwa. Adadikira, adadikira. Madzi okha ndiwo ankamveka. Ndiye adadzutsa mutu nati, "Yothamanga kuposa yakoyo."

"Bodza! Bwera tipikisane!"

Kuyambira tsiku limenelo, dothi lidasanduka mnzake. Adaumba kamphika, kadaphwanyika, adaseka. Adaumba kena, kadapendekeka, Sigele adati ndi chipewa cha agogo, nakavala kumutu. Adaumba kachitatu, kadaima. Adayesa kuthira mchenga wambiri, adayesa wochepa. Adayesa khosi lalitali, adayesa lalifupi. Sigele atadandaula kuti dzanja silikulowa potsuka, Mwatitha adakulitsa kukamwa kwa kamphikako. Zina zinkatheka, zina zinkakanika, ndipo dzuwa linkalowa iye asanatope.

Milungu iwiri isanathe, m'mawa wina Nankhoma adamva munthu akuimba kuseri kwa nyumba. Adasuzumira. Mwatitha anali atakhala chotambalala, matope mpaka m'zigongono, mtsuko ukukwera pakati pa miyendo yake. Sunali ngati ya amake. Unali wamimba yaikulu, wakukamwa kotakasuka, ndipo m'khosi adaulemba timizere tokhotakhota ndi kamtengo.

Lilime la Nankhoma lidayabwa. Mawu adafika pamilomo. Adawameza, nabwerera m'nyumba mwakachetechete.

Mtsukowo udauma, adauotcha, sunang'aluke. Mayi wina wa kutsidya adaugogoda ndi chala, udalira bwino. Adapisamo dzanja mpaka pansi.

"Uwu ndiye wotsukika! Nankhoma, mwaumba ndi mkono umodzi?"

"Si ine. Ndi mwiniwake uyo."

Mayiyo adasiya dengu la chimanga, napempha mitsuko ina iwiri.

Masana ake kudamveka mawu a Sigele kumsewu: "Mwatithaa! Mbuzi yathu ili kuti?" Mwatitha adayang'ana dothi la mitsuko iwiri ija, adayang'ana amake.

"Ukudikira chiyani?" adatero Nankhoma. "Ndilifunditsa masamba a nthochi, siliuma. Thamanga, anzako angakusiye."

Ndiye inu amene muli ndi ana, imvani. Mwana mphunzitseni ntchito, inde, koma mpatseninso nthawi yake yopanda womulamula. Kosewera n'kumene amayesa, amalakwitsa, amaseka, nayesanso, mpaka manja ndi mutu zikhale zakezake.

Nthano yanga yapsa, ndaiphula pamoto. Yathera pomwepa.