Mchere wa Zalimba ndi Mapanga Awiri

Ana inu, mwambi uliwonse uli ndi mwini wake amene anayamba kulawa kuwawa kwake. Uwu wa mapanga awiri, amene anandifotokozera ine amati unayambira pa munthu wina dzina lake Zalimba, kalekale anthu akuyendabe masiku angapo kukafuna mchere.

Zalimba anali mkamwini m'mudzi wina wa m'tsinde mwa phiri. Anakwatira Ndaziona, ndipo monga mwa mwambo anasiya kwawo n'kukamanga nyumba kwa mkazi. Mng'ono wake wa Ndaziona anakwatiwa ndi Sankhulani, amenenso anali mkamwini pamudzi pomwepo. Nyumba zawo zinali zoyang'anizana, ndipo vuto linagona pamenepo, chifukwa Zalimba akangotuluka m'mawa, chinthu choyamba kuona chinali khomo la Sankhulani.

Musaganize kuti Zalimba anali waulesi. Pa nkhani yosoka mphasa panalibe womuposa m'dera lonselo. Mphasa yake inkatuluka yothinana bwino, nsikidzi kuchita kusowa pobisala. Koma munthuyu anali ndi nthenda imodzi, nthenda ya maso. Chilichonse chimene chinali m'manja mwa Sankhulani chinkamuonekera chonona kuposa chake. Sankhulani anali wosema mitondo ndi zipande, munthu wofatsa, wokonda kuimba akamagwira ntchito. Nyimbozo zinkamudwalitsa Zalimba.

"Akuimbiranji m'mawa uno?" ankatero akufunsa mkazi wake. "Ndiye kuti zake zikuyenda, eti?"

"Amaimba chifukwa ali ndi pakamwa, amuna anga," Ndaziona ankayankha. "Inunso muli napo."

Pabanjapo panali chizolowezi chimene anachiyambitsa a Mdzinga, malume ake a Ndaziona, amene anali mwini mbumba. Chaka chilichonse, nkhokwe zikafoleredwa ndipo mvula ili pafupi, ankafulula thobwa n'kuitana mbumba yonse pamodzi ndi akamwini pansi pa mtengo wa mthethe. Aliyense ankayankha mafunso awiri okha: chaka chathachi manja ako agwira chiyani, nanga chikubwerachi ukufuna agwire chiyani? A Mdzinga sanali munthu waukali. Ankafunsa akuseka, koma zimene wanena sankaziiwala.

Chaka chimenecho Sankhulani ndiye anayamba kuyankha. Anati anasema mitondo isanu ndi umodzi, anasinthanitsa ndi mbuzi ziwiri, ndipo chaka chikubwerachi akufuna kumanga khola. Anangonena zimenezi basi. Amayi analuluta.

Nthungululu imeneyo inamulasa Zalimba pamtima. Ali chikhalire, anayamba kuyang'ana m'mbuyo mwa chaka chake, ndipo zimene anaona sizinamukondweretse. Chaka anachiyamba bwino ndi mphasa. Koma tsiku limene mbuzi yoyamba inalira pakhomo la Sankhulani, iye anasiya mphasa ili pakati, anakabwereka sompho, n'kugwetsa mtengo wabwinobwino. Anasema mwaukali mpaka mtondo unabooka kunsi. Kenako Sankhulani anapachika mng'oma umodzi wa njuchi, iye n'kupachika itatu. Njuchi sizinakhalemo, chifukwa mwini wake ankakwera mumtengo tsiku ndi tsiku kukasuzumira ngati uchi wayamba. Pobwerera ku mphasa ija anapeza chiswe chitadya kale.

"Nanga inu akamwini aakulu?" anafunsa a Mdzinga. "Manja anu agwira chiyani?"

"Agwira zambiri, apongozi," anayankha Zalimba akukanda pansi ndi chala.

"Zoonadi, taziona. Mtondo wanu uja nkhuku zikuuyamika kwambiri, chimanga chikungotulukira kunsi chokha."

Anthu anaseka, ndipo Zalimba anachita manyazi kwambiri. Koma anali ndi mawu amene anawasunga kwa miyezi ingapo, choncho analimba mtima.

"Apongozi, ine ndili ndi pempho. Mayi anga kumudzi akalamba. Bambo anamwalira, ndipo ine ndinabadwa ndekha. Maso awo achita chidima, komabe kuchitsime amapita okha, akufufuza njira ndi ndodo. Ndikupempha chitengwa. Ndiloleni nditenge mkazi wanga tikakhale kwathu, tikawasamale."

Kuseka kunatha. A Mdzinga anaika chikho pansi.

"Pempho lanu ndi labwino, ndipo chitengwa sitikana. Koma mwana wa mlongo wangayu ali pano amadya za m'nkhokwe ya mbumba. Kwanuko adzadya za m'manja mwanu mokha, ndipo manja anuwa sindinawaonepo akumaliza kanthu. Tchulani nokha chinthu chimodzi chimene muchite chaka chikubwerachi. Chimodzi chokha. Mukachimaliza, mkazi mudzamutenga."

Zalimba anaganiza pang'ono. "Ndisoka mphasa chaka chonse. Ndidzapita nazo ku dambo la mchere, ndipo tsiku ngati lino chaka chamawa ndidzatula pamaso panu mtanga wodzaza ndi mchere."

"Mwamva nonse," anatero a Mdzinga. "Watchula yekha."

M'mawa mwake Ndaziona anachita chinthu chanzeru. Anatenga bango, zingano ndi chingwe cha mwamuna wake n'kukaziika kuseri kwa nyumba, kumene kunkaoneka nthochi ndi phiri basi.

"Kuyambira lero muzisokera kuno," anatero. "Kukhomo kuja kuli mphepo yoipa."

Zalimba anamvetsa bwino mphepo imene ankanena, ndipo sanatsutse. Chaka chimenecho anagwira ntchito ngati munthu. Khola la Sankhulani linamangidwa iye osaliona, ngakhale kuti kugogoda kwa mitengo kunkamufika m'makutu ndipo nthawi zina zingano inkaima yokha m'manja. Akakumbukira mayi ake ndi ndodo yawo, ankawerama n'kupitiriza. Pofika nyengo yotentha, mphasa khumi ndi ziwiri zinali zitatsamira pakhoma.

Mphasa zonsezo munthu mmodzi sakanazisenza ulendo wa masiku atatu. Sankhulani anadzipereka kumuthandiza, popeza nayenso ankafuna kukasinthanitsa zipande zake ndi khasu kwa wosula wina wa kumeneko. Zalimba anavomera, koma chamumtima ankati, "Akufuna adzatamidwe kuti mchere unabwera chifukwa cha iye." Munthu wansanje ngakhale ukamusenzera katundu amaona ngati ukumubera.

Ku dambo zinthu zinayenda bwino. Amayi ophika mchere anazikonda mphasazo, ndipo anamudzazira mtanga mpaka pakamwa. Zalimba anayala masamba a nthochi pansi ndi pamwamba, anamanga ndi luzi, n'kusenza. Mtanga unali wolemera, koma iye ankayenda ngati wasenza thonje. M'maganizo mwake ankaona kale Ndaziona akutula mtsuko wa madzi pakhonde la mayi ake.

Tsiku lachitatu masana, atatsala ndi phiri limodzi lokha kuti aone madenga a kumudzi, kumwamba kunada. Mphepo inayamba kununkha dothi. Inali mvula yoyamba ija ya chizimalupsa, imene imabwera osagogoda.

"Achimwene, tithamange!" anafuula Sankhulani. "Paphiripa pali mapanga awiri!"

Mapangawo anali oyang'anizana, pakati pake pali kakhwawa kouma. Loyamba linali laling'ono ndi lalifupi, loti munthu alowe chowerama, koma linali louma ngati m'nkhokwe.

"Lowani umu ndi mcherewo," anatero Sankhulani. "Awiri sitikwanamo. Ine khasu langali silisungunuka, ndikausa uko."

Anawoloka kakhwawa kaja n'kukalowa m'phanga linalo, limene linali ndi khomo lalikulu. Zalimba anakankhira mtanga mkati, n'kudzipinda pambali pake. Nthawi yomweyo mvula inakhuthuka. Dontho ngakhale limodzi silinamukhudze, ndipo akanangokhala phee pomwepo, nkhani ino sikanakhalapo.

Koma khosi linayamba kumuwawa chifukwa chowerama. Mwala wina unkamubaya m'nthiti. Anasuzumira kunja n'kuona khomo lalikulu lija la phanga la mnzake. Kenako, mkati mwa phokoso la mvula, anamva chinthu chimene anachipewa chaka chonse. Sankhulani ankaimba.

Nsanje inamugwira. "Taonani," anadziuza yekha. "Wandikankhira m'una wa mbewa, iye n'kukatenga nyumba. Panopa watambalala, mwina wasonkha ndi moto womwe. Nthawi zonse zabwino zimakhala zake. Ine wosenza chuma ndikhale chopindika, iye wa khasu limodzi agone chotambasuka?"

Mtima wina unamuuza kuti akhale. Koma nyimbo ija sinaleke. Zalimba anayeza mtundawo ndi maso, naona kuti ndi pafupi, masamba a nthochi apirira. Anasenza mtanga n'kutuluka.

Sankhulani atamuona anasiya kuimba. "Achimwene, bwererani! Muno mukudontha! Bwererani ndi mcherewo!"

"Wabodza iwe!" anakuwa Zalimba. "Ukufuna ukhalemo wekha!"

Anatsetsereka pathanthwe, anawoloka kakhwawa madzi akumulekeza m'akakolo, n'kukafika pakhomo lalikulu lija akupuma wefuwefu. Denga la phangalo linali long'ambika kuchokera kukhomo mpaka mkati, ndipo madzi ankatsika ngati pamathithi. Sankhulani anali ataima pakamwala, atanyowa thupi lonse, ali njenjenje ndi kuzizira.

"Nanga umaimbiranji?" anafunsa Zalimba.

"Ndimati ndiiwale kuzizira, achimwene. Thamangani, bwererani msanga!"

Zalimba anatembenuka. Koma mvula ya paphiri sidikira munthu kuti amalize kuganiza. Kakhwawa kaja kanali katasanduka mtsinje wofiira, ukugubuduza miyala ndi zitsa. Anayesa kuponda, madzi n'kufuna kumukokolola. Anathamangira kumtunda kufuna powolokera, sanapapeze. Anathamangira kumunsi, kunali koipa kuposa. Phanga lake louma lija ankaliona bwinobwino kutsidya, pafupi poti akanaponyamo mwala, koma kulifika ayi.

Anaima pamtetete, mtanga uli pamutu. Sankhulani anabwera n'kuvula chikopa chimene anavala kuti afunditse mtangawo, koma chikopacho chinali chonyowa kale. Masamba a nthochi anang'ambika. Madzi anayamba kuyenderera kumaso kwa Zalimba, ndipo atanyambita milomo anamva mchere. Mtanga unkapepuka pang'onopang'ono ali chiimire, ndipo palibe katundu amene anamulemerapo pamoyo wake ngati kupepuka kumeneko. Analira mokweza ngati mwana, osasamala kuti mnzake akumuona.

Mvula itakata anatula mtanga pansi n'kumasula luzi. Pansi pake panatsala timatope toyera tosadzaza n'chikhatho chomwe.

Patapita masiku awiri mbumba inasonkhana pansi pa mthethe. Nthawi ya Zalimba itakwana, anaika mtanga wopanda kanthu pamaso pa a Mdzinga. Sankhulani anafulumira kumulankhulira.

"Apongozi, mchere unalipo, ndinauona ndi maso angawa. Mphasa anasoka, ulendo anayenda. Yalakwa ndi mvula."

Zalimba akanatha kukhala chete, ndipo mwina zikanamuyendera. Koma anapukusa mutu.

"Mvula sinalakwe, apongozi. Mnzangayu anandipatsa phanga louma, iye n'kutenga lodontha. Ine ndinatulukamo ndekha, chifukwa ndinamumva akuimba."

Anafotokoza zonse osabisa kanthu. Panalibe amene anaseka. Ndaziona anaweramitsa nkhope, misozi ikugwera pansalu yake.

Kenako a Mdzinga anati, "Akamwini, mwanena zoona, ndipo pa chimenecho ndakulemekezani. Manja anu chaka chino anamaliza ntchito, koma maso anu ndi amene sanamalize. Mawu munatchula nokha pamaso pa anthu, ine sindingawabweze. Mkazi akhala pano chaka china. Phanga limodzi likanakusungani, mwana wanga. Mapanga awiri avumbwitsa."

M'mawa mwake Zalimba anapita yekha kwawo kukanena za ulendo wake. Anapeza mayi ake atasesa bwalo lonse ndi kuzira nyumba mwatsopano, mmene akanathera ndi maso awo ofookawo. Atamva mapazi anatuluka akumwetulira, n'kutchera khutu kumbuyo kwa mwana wawo.

"Nanga mpongozi wanga ali kuti? Watsalira m'njira?"

Zalimba anangotenga mtsuko umene unali pakhonde n'kulowera kuchitsime.

Kuchokera pamenepo mawu a a Mdzinga anafalikira m'midzi, mpaka lero tikunenabe kuti mapanga awiri avumbwitsa. Tanthauzo lake ndi lakuti munthu amene ali ndi pake pabwino, koma mtima uli pa za mnzake, amataya zonse ziwiri n'kutsala pamtetete. Choncho inunso chaka chikamatha, mukakhala pansi kuganiza zimene mwachita ndi zimene mukufuna kuchita, sankhani chanu chimodzi ndipo mukhale m'menemo ngakhale khosi liwawe. Za mnzanu mumaziona khomo lokha. Mukamumva akuimba, musafulumire kunena kuti ali pabwino, mwina akungofuna kuiwala kuzizira.