Chingwe cha Zithunzi cha Tobías

M'khitchini mwa Efraín Zuluaga, m'tauni ya Pijao, munali chingwe chomangidwa kuchokera pawindo mpaka pamsomali wa pachitseko. Sankayanikapo zovala. Mkazi wake Yolima anapachikapo zithunzi zojambula yekha: beseni, mkate wa chimanga wotchedwa arepa, thireyi ya ufa, nkhuku, bedi. Umu ndi mmene tsiku la mwana wawo Tobías linkayendera. Mwanayu, wa zaka zisanu ndi chimodzi, madokotala anati ali ndi otizimu, vuto la kakulidwe ka ubongo. Anayamba kuyankhula ali ndi zaka zinayi, ndipo phokoso la kusukulu linkamulasa m'makutu ngati singano. Choncho kuyambira mu Febuluwale mayi ake ankamuphunzitsa pakhomo. Zilembo ankazilemba ndi chala mu ufa wa pathireyi, masamu ankaphunzira poponyera nkhuku chimanga. Akamaliza chimodzi ankatembenuza chithunzi chake n'kupita pa chotsatira. Pofika mu Novembala ankatha kuwerenga mawu afupiafupi.

Efraín ankayendetsa jipi yonyamula matumba a khofi kuchokera m'minda ya m'mapiri. Mwana wake ankamukonda, koma mumtima munali bala lomwe sankalionetsa. Amene analikanda ndi mlamu wake Gildardo, atabwera kudzacheza Lamlungu lina.

"Alamu, kodi mwanayu mukumuphunzitsa kuwerenga kapena kuphika? Ufa mpaka m'nsidze! Wanga Marleny chaka chino awerenga pemphero lonse la Novena osapunthwa."

Anthu anaseka, Efraín nayenso anaseka, koma mbale yake anaikankhira pambali. Novena, mapemphero a masiku asanu ndi anayi okonzekera Khirisimasi, imayamba pa 16 Disembala. Ana amawerenga mosinthana pafupi ndi khola la tizidole tosonyeza kubadwa kwa Yesu, anzawo akugwedeza maseche a zitsekerero za mabotolo. Mabanja amailandira mosinthana, ndipo chaka chimenecho tsiku loyamba linagwera kunyumba kwa Efraín.

Pa 1 Disembala Efraín anamasula chingwe chija, thireyi n'kuiika pamwamba pa kabati.

"Bambo a Tobías, mukuchita chiyani?" anafunsa Yolima.

"Masewera akwana, mayi a Tobías. Wangayu awerenge ndime imodzi yokha, Gildardo atseke pakamwa."

"Chingwecho ndi msewu wake. Inuyo atakuchotserani msewu, jipi yanuyo mungaiyendetse pati?"

"Mwana saphunzira mu ufa ngati mphemvu," anatero Efraín, n'kutsegula buku la mapemphero.

Tsiku lililonse akaweruka ankamukhazika mwanayo pampando, chala chake chikugogoda pamzere womwewo. Tobías ankayang'ana pamalo pamene panali zithunzi, osaonapo kanthu. Sankadziwanso kuti akadya kukubwera chiyani. Anayamba kukana kusamba, kenako kukana kudya. Akawerenga mawu awiri kapena atatu, Efraín ankati zikuyenda. Yolima anachonderera mpaka mawu anamuthera.

Tsiku lija linafika. Madzulo nyumba inadzaza abale ndi anansi, patebulo pali phala louma la chimanga ndi mkaka pamodzi ndi zitumbuwa za tchizi. Marleny anawerenga bwinodi. Ana anagwedeza maseche, akuluakulu n'kuimba ndi khosi lonse. Kenako Efraín anaika buku m'manja mwa mwana wake, nyumba yonse n'kukhala zii, maso onse pa iye.

"Tiye, mwana wanga. Monga tinkachitira muja."

Mwana wina anagwedezanso maseche. Tobías anatseka makutu, buku linagwa, ndipo pothawira pansi pa tebulo anakoka nsalu ya khola, tinkhosa tadothi n'kusweka. Gildardo sanaseke. Ndi iye amene anatola bukulo n'kutulutsa ana panja.

Kuyambira pamenepo Tobías sanatulutsenso liwu. Khirisimasi inadutsa osamva "amayi," osamva "ababa." Mawu amene Yolima anawatola limodzilimodzi kwa zaka ziwiri anamwazika ngati khofi wa thumba lobooka. Bambo ake akalowa, mwanayo ankatembenukira kukhoma. Yolima sananene kuti ndinakuuzani. Kukhala chete kwakeko ndiko kunkamuwawa Efraín kuposa chitonzo cha mlamu wake.

Pa 7 Januwale, atachotsa khola, Efraín anamanganso chingwe chija ndi manja ake. Zithunzi anazipachika mosokoneza.

"Nkhuku zimabwera pambuyo pa ufa, bambo," Yolima anatero osatembenuka. "Ndipo musamufunse kanthu. Ingokhalani."

Efraín anasiya ulendo woyamba wa m'mawa kuti aziupanga mnzake. Ankakhala pansi pafupi ndi thireyi, n'kulemba chilembo chimodzi mu ufa, n'kupinda manja. Munthu wozolowera kuliza hutala, ntchito yongodikirayi inamulemera kuposa matumba. Januwale yense mwanayo sanayandikire. Mu Febuluwale anayamba kubwera, kufufuta chilembo cha bambo ake ndi chikhatho, n'kuchoka. Efraín ankalembanso mawa lake.

M'mawa wina mu Malichi, Tobías anafufuta chilembocho n'kulemba chake pamalo pomwepo. Anaimirira, anatembenuza chithunzi cha thireyi, anayang'ana chotsatira, kenako anagwira bambo ake chala.

"Nkhuku, ababa."

Panja mlimi wina anali akuitana kuti khofi wake achedwa. Efraín anatsatira mwana wake kuseri kwa nyumba, ufa uli m'mawondo, ndipo Tobías ataponya njere yoyamba n'kunena kuti "imodzi," iye anaphimba nkhope ndi chipewa.

Novena yotsatira Tobías sanawerenge. Anaika nkhosa m'khola, maseche ali m'thumba la Gildardo kuti ana asasokose nawo, ndipo bambo ake anati zakwana. Efraín anali ataphunzira zimene akuluakulu ananena kalekale: kuona maso a nkhono n'kudekha.